Amuna anzanga, ubambo munaphunzira kwa ndani?

Wowotcherera wa ku Area 25

Moni nonse. Nkhani iyi yandisowetsa tulo kuyambira Lachitatu, ndiye ndati ndiitule pano, mwina ena munadutsamo.

Ndili ndi zaka 39. Ndimawotcherera zitsulo pa shedi ina kuno ku Area 25: mageti, mafelemu a zitseko, mbaula, chilichonse chimene munthu wabwera nacho. Ana ndili nawo awiri, woyamba ndi mnyamata wa zaka 11, ali Sitandade 6. Lachitatu aphunzitsi anawauza kuti aliyense akalembe chimangirizo cha mwamuna amene amamuona ngati ngwazi yake. Ndinamupeza madzulo ali pa mkeka pakhonde, kope pabondo, akutafuna chivindikiro cha bolopeni. Anali atayamba ndi John Chilembwe, poti za iyeyo anaziloweza: Mbombwe ku Chiradzulu, kuukira atsamunda mu 1915, tchuthi cha pa 15 Januwale, nkhope ya pa K2,000. Kenako anakhwatcha, akuti theka la kalasi lilemba zomwezo. Anasinthira kwa Gabadinho Mhango chifukwa cha chigoli chija anachinya Morocco ali kutali, mu Januwale 2022 ku Cameroon. Usiku umenewo ndinali naye, ndinamunyamula paphewa kuti aone kanema pamwamba pa mitu ya anthu, ndipo mpira utalowa tonse awiri tinakuwa mpaka mawu kusasa.

Ali mkati molemba anadzutsa mutu nkundifunsa kuti, "Nanga inu adadi, muli ngati ine, ngwazi yanu anali ndani? Anali agogo aamuna?"

M'kamwa munauma. Ndinangoti, "Lemba msanga, kukuda," nkutuluka ngati ndaiwala kanthu ku shedi.

Bambo anga anapita ku Joni mu 1993, ine ndili ndi zaka 7. Zaka ziwiri zoyamba kunkabwera makalata, kamodzi bulangete ndi wailesi. Kenako zii. Tinadzamva kwa anthu obwerako kuti anakwatira komweko, anatchona. Zimene ndimakumbukira za iwo nzochepa: fungo la polishi akamapukuta nsapato Lamlungu m'mawa, jekete lofiirira lopachika pa msomali, ndi mbama imodzi imene anandiwomba nditataya mchere. Tinakulira ku Mitundu kwa amayi, amalume ndiwo ankationa.

Tsono chimene chikundiopsa ndi ichi. Ine sindinathawe, ndipo sindidzathawa. Lendi ndimalipira, ufa sutha m'nyumba, yunifolomu ikang'ambika ndimagula ina. Koma ndikangolowa pageti ana amasiya kuseka. Wamng'onoyo amathamangira kukhitchini kwa mayi ake, wamkuluyu amachepetsa wailesi nkuima chilili ngati kwabwera mlendo. Mwezi watha ndinamutuma ku golosale ndi K5,000, anabwera chimanjamanja, akuti wataya. Ndinamukwapula ndi lamba mpaka mayi ake anandigwira mkono. Sanalire. Anangondiyang'ana, ndipo maso amenewo ndinawazindikira, ndi omwe ndinayang'ana nawo bambo anga tsiku la mchere lija.

Ubambo umene ndikuudziwa ndi wogula ndi wokalipa basi. Zina zimene bambo amachita ndi mwana wake sindizidziwa, sindinazionepo. Amuna anzanga, makamaka inu amene munakula popanda bambo pakhomo, munaphunzira kwa ndani? Ndipo mwanayu akadzandifunsanso ndimuyankhe chiyani? Kumunamiza sindikufuna, komanso kunyoza agogo ake pamaso pake sindikufuna.

Mphunzitsi wopuma wa ku Biwi

Ndawerenga kawiri. Ine ndili ndi zaka 71, ndiye undilole ndikulankhule ngati mwana wanga.

M'nkhani yako yonse amalume ako wawapatsa mawu atatu okha, "amalume ndiwo ankationa", nkudumphapo. Bwerera pamenepo. Anakuphunzitsa kugwira khasu ndani? Ukadwala usiku ankakukweza pa njinga ndani? Ndalama yophunzirira ntchito ya zitsuloyo inachoka m'thumba la yani? Ndikufunsa chifukwa ambiri a msinkhu wako amati anakula opanda bambo, pamene mwamuna amene anawalera alipo, kungoti sankamuitana kuti bambo.

Kwathu kuno kwa Achewa ana ndi a kuchikazi. Mwamuna ankapita chikamwini kumudzi kwa mkazi, kumanga nyumba, kulima, koma mwini mbumba anali mlongo wake wa mkaziyo. Mwana akapalamula, kwa mfumu kunkaima malume. Za ukwati wake ankayendetsa ndi malume, maliro akagwa ankalamula ndi malume. Kamuzu ankadziwa pamene pagona mphamvu, nchifukwa chake ankadzitcha Nkhoswe Nambala Wani, amayi a dziko lonse nkukhala mbumba yake. Mnyamata akasinkhuka ankapita kudambwe, mwambo nkukaulandira kwa amuna ena a m'mudzi. Agogo nawo anali pabwalo madzulo akusema mipini, anyamata atawazungulira. Kulera mnyamata mmodzi inali ntchito ya amuna anayi kapena asanu.

Nanga abambo athu anali kuti? Ambiri anali ku migodi. Anga anapita kawiri ndi Wenela, bungwe limene linkalemba anthu ntchito ya ku migodi ya ku Joni. Ulendo woyamba anabwerako ine ndili ndi zaka 9, atanyamula sutikesi yachitsulo ndi njinga. Anali munthu wosalankhula. Sindikumbuka kuti anandifunsapo za sukulu kapena kundiyamikira. Koma Loweruka lililonse ankaigadabuza njinga ija pansi pa mtengo wa mango nkundiitana kuti ndiwagwirire sipanala. Ankamasula tcheni, kulitsuka mu palafini, ine ndikuwerenga timipira tachitsulo ta m'gudumu timene ankatiika pa chivindikiro cha chitini kuti tisagwere mumchenga. Maola awiri, mawu ake "patse" ndi "gwira apa" basi. Mpaka lero ndikamva fungo la palafini ndimaona manja awo. Ulendo wachiwiri unawapeza komweko mu 1974, chaka chimene ndege inagwa ku Francistown ku Botswana ndi anthu athu obwerera kumudzi, Kamuzu nkuletsa Wenela kulemba anthu. Mudzi wonse unaunjikana pa wailesi, mayi anga sanaike kanthu kukamwa mpaka titamva kuti bambo sanali m'ndegemo. Anabwera ndi chifuwa chimene anapita nacho kumanda.

Likulu litasamuka ku Zomba kubwera kuno ku Lilongwe mu 1975 tinadzazana m'maeliyamu. Malume anatsala kumudzi, dambwe linatsala kumudzi, agogo anatsala kumudzi. Katundu wa amuna asanu uja wagwera iwe wekha m'nyumba ya lendi ya zipinda ziwiri, ndiye usadabwe kuti akukulemera.

Chimangirizo chimenecho nanenso ndinkapereka kwa ana. Isanafike 1994 makope onse ankabwera ndi dzina limodzi, poti Ngwazi inali imodzi m'dziko. Pambuyo pake kunabwera a mpira ndi oimba. Sizoipa, mwana azikhala ndi woyang'anako kutali. Koma Chilembwe sangamuphunzitse mwana wako kupempha pepani, ndipo Gabadinho sadziwa kuti mwanayo amaopa chiyani usiku. Za agogo ake muuze zoona mwachidule: anapita kukafuna ntchito, sanabwerere, zinandipweteka. Mwana wa zaka 11 zimenezo amazimva. Uli ndi shedi, uli ndi zida. Loweruka mutenge akakugwirire tepi.

Mayi wa kaunjika ku Tsoka

Achimwene, pepani ndalowerera nkhani ya amuna, koma ndikulera anyamata awiri ndekha ndiye ikundikhudza.

Bambo a ku Biwi, ulemu wanu, zambiri mwanena zoona. Koma mawu akuti ana ndi a kuchikazi ine anandilasa. Ndi omwewo amene bambo a ana anga anandiuza tsiku limene ndinawatsatira kukapempha fizi ya Fomu 1: "Anawo ali ndi amalume awo." Alongo angawo ali ndi ana asanu awoawo, amakhoma zidebe ku Mchesi, ndiwasenzetse bwanji anga? Mwambowo unkayenda pamene munda unali umodzi, nkhokwe zili pabwalo limodzi. M'tauni muno amuna ena ausandutsa pobisalira. Pobereka ana ndi awo, polipira ndi a malume. Ndinapita kukhoti, ndipo kumeneko ndinamva kuti lamulo la 2010 losamalira ndi kuteteza ana limaika udindo pa makolo onse awiri, kaya banja lilipo kaya linatha. Anagamula kuti azipereka mwezi ndi mwezi. Anapereka miyezi itatu.

Koma sindinabwere kudzadandaula. Ndikufuna ndikuuzeni za mwamuna amene ndimawasimbira ana anga. Dzina lake sindilidziwa. Wamng'onoyu ali ndi zaka 3 anagonekedwa m'chipatala ndi malungo, ndinakhala naye masiku 9 ku wodi ya ana. Amene munakhalapo gadiyani mukudziwa, kumakhala amayi okhaokha. Abambo amabwera nthawi yoona odwala, jumbo ya nthochi m'manja, kuima pang'ono, kuyang'ana wotchi, nkumapita. Koma panali bambo mmodzi wochokera cha ku Nathenje, mkazi wake anali atangochira kumene mwana wina ndiye sakanatha kubwera. Bamboyu ankabereka kamtsikana kake kumbuyo ndi chitenje, mfundo pachifuwa mmene timamangira ifemu, nkumayenda nako m'khonde usiku kuti kagone. M'mawa ankaima nafe pamzere pa mpopi, kuchapa matewera, kutsuka kapu ya phala. Tsiku loyamba amayi ena ankaseka atagwira pakamwa, wina mpaka anati anadyetsedwa khuzumule ameneyu. Pofika tsiku lachitatu tinkamusungira malo pamzere. Usiku wina mwana wanga atayamba kukomoka, ine miyendo itazizira osatha kudzuka, ndi iyeyo anathamanga kukaitana anamwino.

Mu 2021 anaika m'lamulo la ntchito kuti bambo wolembedwa ntchito azipatsidwa tchuthi cha masabata awiri mkazi wake akabereka. Ku sikelo anamwino amatiuza kuti tizibwera ndi amuna athu. Njira ilipo, koma ambiri amaopa kusekedwa ndi anzawo a pa bawo kuposa mmene amaopera kuti mwana wawo akule osawadziwa.

Za lamba zija, achimwene, musazidumphe. Mwana wosalira pokwapulidwa sikuti walimba, waphunzira kubisa. Ifenso amayi tili ndi mlandu, ndife timauza kamwana ka zaka 5 kuti "tonthola, mwamuna salira", nkudzadabwa kakakula kosatha kunena zakukhosi. Mukamupepese mwanayo. K5,000 mudzaipeza pa mbaula imodzi.

Wakabaza wa ku Chinsapo

Madala, ine bambo anga sanapite ku Joni, ali pompano, timagona nyumba imodzi. Koma inu ndi ine tinakula chimodzimodzi. Amachoka m'mawa, kubwera usiku atakhuta kachasu, ndipo dzina langa kwa iwo kuyambira ndili mwana ndi "chitsiru iwe". Ndiye musamaganize kuti onse amene bambo awo sanachoke anaona chitsanzo.

Ndili ndi zaka 23. Anzanga ambiri a pa siteji umuna tikuphunzira pa foni. Ukagula bandulo umapeza amuna pa TikTok ndi Facebook ataima kutsogolo kwa galimoto, akukuuza kuti mwamuna ndi ndalama, wopanda ndalama asatsegule pakamwa, mkazi ukamumvera wagwa nayo. Ndinazikhulupirira zaka ziwiri. Ndalama za tsiku ndinkathera kubetcha mpira kuti ndilemere msanga, ndipo mtsikana amene ndinali naye ndinkamulankhula mmene bambo amalankhulira mayi anga. Anandisiya, ndipo sanalakwe.

Amene ananditembenuza ndi mdala wina wokonza njinga zamoto pafupi ndi siteji yathu. Alibe galimoto, ovolosi yake inang'ambika m'mabondo. Chaka chatha ndinagwa usiku kukugwa mvula, ndinathyoka mkono. Mwini njinga anaimba kufunsa za njinga yake. Mdalayu anabwera kuchipatala ndi nsima m'kontena, nkukhala pa benchi mpaka anandiika chikhakha. Miyezi iwiri imene sindinkakwera anandiika pa shedi yake kuti ndizimupatsira zida ndi dzanja limodzi, madzulo nkundipatsa ya ndiwo. Sanandilalikire ngakhale tsiku limodzi. Funso lake linali lomwelomwelo m'mawa uliwonse: "Wadya?" Ndinkaonanso mmene amachitira mwana wake wamkazi akaweruka kusukulu. Amapukuta manja pa sanza, kulandira kope, kuliona tsamba ndi tsamba, chonsecho iye mwini analekeza Sitandade 5. Ine ndikadzakhala ndi mwana ndikufuna ndidzapukute manja choncho.

Mwana wanuyo wakufunsani funso, ndiye kuti sanakutayeni. Ine ndinasiya kufunsa bambo anga chilichonse ndili ndi zaka 10.

Mphunzitsi wopuma wa ku Biwi

Mayi a ku Tsoka, mwandigwira pabwino ndipo ndavomera. Mkamwini wakale munda ankalima, nkhokwe ankadzaza, ndipo akachita ulesi ankamupirikitsa pamudzi. Amene akutchula mwambo pothawa fizi watolapo mbali yomukomera yokha. Ndinaphunzitsa zaka 34, ndipo pa misonkhano ya makolo mabenchi ankadzaza ndi amayi. Abambo ambiri ndinkawaona koyamba tsiku limene mwana wachotsedwa sukulu.

Wowotcherera wa ku Area 25

Zikomo nonse, ndawerenga mobwereza. Ndachedwa kuyankha chifukwa ndimafuna ndichite kaye kanthu.

Lachisanu usiku ndinamuitanira mwanayo kuseri kwa nyumba. Mayi, ndinayesa mmene munanenera. Mawu anatuluka movutikira, ndinangoti, "Tsiku lija ndinakumenya mopitirira, ndinalakwa, pepa." Anayang'ana pansi nkumakumba dothi ndi chala cha kuphazi. Patapita nthawi anati ndalama ija sanataye, anamulanda anyamata akuluakulu pa kamlatho, ndipo anaopa kunena chifukwa ndikanamuti ndi wamantha. Mwezi wathunthu wakhala akuzungulira njira yaitali popita ku golosale, ine osadziwa.

Loweruka sitinapite ku shedi, bambo a ku Biwi, tinakwera minibasi ya ku Mitundu. Mafunso anu atatu aja yankho lake ndi munthu mmodzi. M'njira ndinamufotokozera mwana za njala ya 2002, mmene amalume ankapalasira njinga usiku kukasaka madeya, nkubwera kudzatidyetsa ife ndi ana awo m'mbale imodzi. Ndinamuuzanso za chaka chimene anagulitsa fodya ku Kanengo, malata amene ankawalota osagula, ndalamayo nkukapereka kwa mmisiri amene anandiphunzitsa kuwotcherera. Nyumba yawo mpaka lero ndi yaudzu. Zaka zonsezi ndakhala ndikupanga mageti a anthu, ndipo sindinawauzepo kuti zikomo, chifukwa maso anga anali kumsewu kudikira munthu wina.

Tinawapeza pakhonde akupota chingwe cha mbuzi. Akalamba, maso anachita ng'ala, manja okha ndiwo akudziwa ntchito. Nditawauza zimene ndinabwerera anaseka nkuti, "Nanga ukanakhala wa yani?" Kenako anamupapasa mdzukulu wawo kumaso kuti amudziwe, nkumukhazika pambali kumuphunzitsa kupota mpaka dzuwa kupendeka. Mitengo ya malata ndayamba kale kufunsa, ndikufuna ndikafolere mvula isanagwe.

Chimangirizo anapereka Lachinayi, cha Gabadinho, ndipo sindinamuletse.

Koma pabuka china. Tili komweko, mnyamata wina wa m'mudzimo amene wangobwera kumene kuchokera ku Joni anandipatsa nambala ya foni, akuti ndi ya bambo anga. Ali ku Germiston, akudwala, ndipo akhala akufunsa za ine. Ndaisunga masiku atatu tsopano, dzina sindinalembepo, pangokhala +27 ndi manambala. Mwana wanga anamva zonse, ndipo m'minibasi pobwerera anandifunsa ngati tidzawaimbire. Alipo pano amene anaimbirapo bambo wotchona patatha zaka zoposa 30? Munayamba ndi mawu oti chiyani?